Mayi Anna Ancher, Wojambula Nchito za Pakhomo

Mawu kwa makolo ndi aphunzitsi

Nkhani iyi ndi yaitali. Musaiwerenge yonse tsiku limodzi. Awerengereni ana gawo limodzi pa tsiku, pang'onopang'ono. Mukatha gawo, afunseni ana kuti afotokoze zimene amva. Maina acilendo muwachule inu poyamba, ana abwereze pambuyo panu.

1. Mudzi wa pamcenga

Ana inu, kutali kwambiri ndi dziko lathu la Moçambique kuli dziko lochedwa Denmark. Dzikoli lili ku Ulaya, cakumpoto. Ndi dziko laling'ono. Kulibe mapiri aatali ngati phiri lathu la Dómuè. Dziko lonse ndi lacidikha, ndipo lazunguliridwa ndi nyanja pafupifupi mbali zonse. Madzi a m'nyanja zimenezo ndi amcere.

Kumapeto kwenikweni kwa dzikolo kuli mudzi wochedwa Skagen. Pamenepo mtunda umatha, ndipo nyanja ziwiri zimakumana. Maina a nyanjazo ndi Skagerrak ndi Kattegat.

Ku Skagen kuli mcenga wambiri. Mphepo imauluza mcengawo usiku ndi usana. Kale mcenga unakwirira minda ya anthu. Unakwiriranso chalichi ca pamudzipo, mpaka anthu analeka kupempheramo m'caka ca 1795. Lero pamalopo pamaoneka nsanja yokha.

Nyengo ya kumeneko imasemphana ndi yathu. Kuno ku Angónia kukamazizira mu Junho ndi Julho, ku Skagen kumakhala kofunda, ndipo dzuwa limacedwa kulowa. Ife tikamapalira cimanga mu Dezembro, iwo amakhala ali pacisanu coopsa. Nthawi imeneyo dzuwa silikwanitsa maola 7 likuwala. Ndiye anthu a kumeneko amalikonda dzuwa kwambiri.

Anthu a ku Skagen anali asodzi. Ambiri anali osauka. Amuna ankapita kunyanja ndi mabwato. Akazi ankatumbula nsomba, kuziyanika, kusoka zovala ndi kulera ana. Nyanja inkawadyetsa, koma inkawaphanso. M'caka ca 1862 amuna 8 a pamudzipo anamira pamene ankafuna kupulumutsa anthu a m'combo cimene cinagwidwa ndi namondwe.

2. Mwana wa m'nyumba ya alendo

Pamudzi umenewu panabadwa mwana wamkazi pa 18 Agosto 1859. Dzina lake linali Anna Brøndum. Bambo ake anali a Erik Brøndum, ndipo mayi ake anali a Ane Hedvig. M'banjamo munabadwa ana 6.

Makolo a Anna anali ndi sitolo ndi nyumba yogona alendo. Masiku amene Anna anabadwa, kunyumba ya alendoyo kunafika mlendo wochuka, a Hans Christian Andersen, amene analemba nthano zambiri za ana.

Anna anakulira pakati pa nchito. Ankaona amayi ake akuphikira alendo. Ankaona anchito akutsuka mbale. Ankaona asodzi akubwera kusitolo kudzagula zinthu. Anthu onse a pamudzipo ankawadziwa ndi maina awo, ndipo iwo ankamudziwa.

Tsopano ku Skagen kunayamba kubwera alendo amtundu wina. Anali anyamata odziwa kujambula zithunzi ndi utoto. Ankabwera kudzajambula nyanja, mcenga ndi asodzi. Ankagona kunyumba ya a Brøndum. Mmodzi mwa iwo anali Michael Ancher, amene anafika m'caka ca 1874. Caka cimeneco Anna anakwanitsa zaka 15.

Anna ankayang'anitsitsa mmene alendowo ankagwirira nchito. Ankaona mmene amasakanizira utoto. Ankaona mmene amagwirira kaburashi. Kenaka iye anatenga pepala ndi pensulo, nayamba kuyesa. Alendowo ataona zojambula zake, anazindikira kuti mtsikanayu ali ndi luso.

3. Sukulu imene inkakana atsikana

Mzinda waukulu wa dziko la Denmark ndi Copenhagen. Kumeneko kunali sukulu yaikulu ya mfumu yophunzitsa kujambula. Koma sukuluyo inkalandira anyamata okhaokha. Mtsikana, ngakhale waluso cotani, sankaloledwa kulowamo. Anthu ambiri ankaganiza kuti mtsikana angophunzira kuphika ndi kusoka, kenaka akwatiwe.

Makolo a Anna sanamutsekere njira. Anamulola kupita ku Copenhagen. Kumeneko kunali mphunzitsi wina, a Vilhelm Kyhn, amene anatsegula sukulu yaing'ono ya atsikana. Anna anaphunzira pasukulu imeneyo nyengo zitatu za cisanu, kuyambira 1875 mpaka 1878.

Ulendo wake unali wovuta. Nthawi imeneyo ku Skagen kunalibe njanji. Sitima ya pamtunda inafikako m'caka ca 1890. Anthu ankayenda pa ngolo yokokedwa ndi akavalo, mawilo akutitimira mumcenga. Koma Anna sanagwe ulesi. Cisanu cikayamba ankapita kusukulu. Kukafunda ankabwerera kwawo, n'kumajambula anthu a pamudzi.

M'caka ca 1880 cithunzi ca Anna cinaonetsedwa koyamba pa cionetsero cacikulu ca ku Charlottenborg, mumzinda wa Copenhagen. Anthu odziwa zithunzi anaciyamikira. Caka comweco anajambula nkhalamba ina ya pamudzi, msodzi wochedwa Lars Gaihede, atakhala pansi akusema kamtengo ndi mpeni.

Atsikana ena anapitiriza kupempha kuti nawonso aziphunzira. M'caka ca 1888 boma linatsegula sukulu yojambula ya akazi. M'caka ca 1908 akazi ndi amuna anayamba kuphunzira m'sukulu imodzi.

4. Ukwati ndi mwana

Anna anakwatiwa ndi Michael Ancher pa 18 Agosto 1880, tsiku limene anakwanitsa zaka 21. Kuyambira pamenepo anachedwa mayi Anna Ancher. Poyamba anakhala m'kanyumba ka m'munda wa makolo a Anna. Mwana wawo wamkazi, Helga, anabadwa m'caka ca 1883. M'caka ca 1884 anasamukira m'nyumba yawoyawo, pamudzi pomwepo.

Apa panabuka nkhani. Anthu ankayembekeza kuti mayi Anna asiya kujambula, pakuti tsopano anali pabanja. Ngakhale aphunzitsi awo akale, a Kyhn, anawalangiza kuti asiye utoto, asamale za pakhomo. Akazi ambiri aluso a nthawi imeneyo anasiyadi atangokwatiwa.

Mayi Anna sanasiye. Amuna awo sanawaletse, koma ankawalimbikitsa. Acibale nawonso anathandiza. Banjali nthawi zambiri linkakadya kunyumba ya alendo, kwa amayi awo a Anna, ndipo Helga ankasewera kwa agogo ake. Motero mayi Anna ankapeza nthawi yogwira nchito yawo. Paja mutu umodzi susenza denga.

Bambo Michael ankakonda kujambula panja. Ankajambula asodzi amphamvu akuyang'ana nyanja, kapena akukoka bwato. Mayi Anna ankakonda kujambula m'nyumba. Ankalowa m'nyumba za anansi awo, n'kumajambula zimene azimayi amacita tsiku ndi tsiku.

Anapitanso kukaona nchito za anzawo m'maiko ena. M'caka ca 1882 anapita ku Vienna. M'caka ca 1889 anakhala ku Paris, ndipo anaphunzira kwa katswiri wina, a Puvis de Chavannes. Koma ulendo uliwonse ukatha, ankabwerera kwawo ku Skagen.

5. Mtsikana m'khichini

Tsopano tiyeni tione cithunzi cimodzi ca mayi Anna. Anacijambula pakati pa 1883 ndi 1886. Ndi cithunzi ca mtsikana ali m'khichini. Tsekani maso, mumvetsere, muyese kuciona mumtima.

Mtsikana waimirira pafupi ndi zenera. Watipatsa msana. Nkhope yake sitikuiona. Wavala malaya akuda ndi siketi yofiira. Waweramitsa mutu pang'ono. Manja ake ali pa nchito. Akukonza cakudya.

Pazenera pali nsalu yacikasu. Dzuwa lili kunja, ndipo likuwala kupyola m'nsaluyo. Nsalu yonse ikuoneka ngati yayaka. Cakumbali kuli citseko cotsekuka pang'ono. Kuwala kwa dzuwa kwalowera pamenepo, kwagwa pansi. Mbali zina za khichini muli kamdima.

M'cithunzimo mulibe mfumu. Mulibe msilikali. Mulibe phwando. Muli mtsikana mmodzi, nchito yake ndi dzuwa.

Nanga n'cifukwa ciani mtsikanayo sakutiyang'ana? Taganizani za amayi anu akamasankha nyemba pa licero. Kodi amayang'ana uku ndi uku? Iyayi. Maso awo amakhala pa nyemba. Munthu amene ali pa nchito sayang'ana anthu odutsa. Mayi Anna ankadziwa zimenezi, pakuti anakulira m'khichini. Sanamuuze mtsikanayo kuti atembenuke ndi kumwetulira. Anamujambula monga mmene analili.

Kale anthu olemera ndiwo ankajambulidwa kawirikawiri, atavala zovala zokongola. Nchito ya m'khichini anthu ankaiyesa yacabecabe. Koma popanda nchito imeneyo, alendo akanagona ndi njala. Mayi Anna anatenga utoto wabwino ndi nthawi yaitali kujambula munthu wophika. Potero anaonetsa kuti wophikayo ndi munthu woyenera ulemu.

Cithunzi cimeneci cikusungidwa ku Copenhagen, m'nyumba ya zithunzi za a Heinrich Hirschsprung. Bambo ameneyu anali ndi fakitale ya fodya, mbewu imene alimi ambiri amalima kuno ku Angónia. Ndalama zake ankagulira zithunzi, ndipo pambuyo pake anazipereka kwa anthu a dziko lake. Nyumbayo inatsegulidwa m'caka ca 1911.

6. Dzuwa pa khoma

M'caka ca 1891 mayi Anna anajambula cithunzi cina cochuka. M'menemo muli mwana wawo Helga, ali ndi zaka pafupifupi 8, msinkhu wa ena mwa inu.

Helga wakhala pa mpando m'cipinda ca agogo ake. Makoma a cipindaco ndi abuluu, ngati thambo la m'mwezi wa Junho. Iye akuluka ndi ulusi. Nayenso sakutiyang'ana. Maso ake ali pa zala zake.

Dzuwa lalowa pazenera, lagwa pa khoma ndi pansi. Pazenerapo pali maluwa odzalidwa m'timiphika. Mithunzi ya masamba ake ikuoneka pa khoma. Tsitsi la Helga nalonso likuwala.

Kodi munthu angajambule bwanji dzuwa? Dzuwa siligwirika. Mayi Anna anaphunzira kuliyang'anitsitsa. Anaona kuti khoma limodzi limakhala ndi mitundu iwiri. Pamene pagwa dzuwa pamawala. Pamene pali mthunzi pamadera. Ndiye ankapaka utoto wowala pafupi ndi utoto wodera. Maso athu akaona mitundu iwiriyo pamodzi, amaona dzuwa.

Inunso mukhoza kuona zimenezi. Mawa m'mawa, dzuwa likalowa pakhomo la nyumba yanu, yang'anani pansi. Muona malo owala ndi malo a mthunzi. Masana mukayang'anenso. Mupeza kuti malo owala aja asuntha.

7. Anthu a pamudzi

Mayi Anna anajambula anthu ambiri a ku Skagen. Anajambula mtsikana akusoka. Anajambula nkhalamba ziwiri zikusosola mbalame za kunyanja, monga ife timasosolera nkhuku. Anajambula gogo wosaona atakhala m'cipinda mwake, dzuwa likuwala pa khoma. Gogoyo sankaliona dzuwalo, koma linkamufikira.

Anajambulanso masiku acisoni. M'caka ca 1891 anajambula maliro, anthu ataimirira mozungulira bokosi m'nyumba. M'caka ca 1899 anajambula azimayi atabwera ndi ana awo kudzalandira katemera. M'caka ca 1903 anajambula anthu atakhala panja pa udzu, akumvetsera mlaliki. M'caka ca 1905 anajambula anthu akupita kukakolola m'munda.

Munthu amene anamujambula kambirimbiri ndi amayi awo, a Ane Hedvig. Gogoyu ankakonda kupemphera ndi kuwerenga Baibulo. Mwana wawo anawajambula akuwerenga, anawajambula atakhala pa mpando, anawajambula atakalamba kwambiri. Gogoyu anamwalira m'caka ca 1916.

Anthu a pamudzi ankawalola mayi Anna kulowa m'nyumba zawo, cifukwa anali mwana wa pamudzi pomwepo. Ojambula ena onse ochuka a ku Skagen anali obwera. Mayi Anna okha ndiwo anabadwira pomwepo.

8. Ukalamba wawo

Mbiri ya mayi Anna inamveka kutali. Zithunzi zawo zinaonetsedwa ku Paris m'caka ca 1889, ndi ku Chicago, m'dziko la America, m'caka ca 1893. M'caka ca 1913 mfumu ya Denmark inawapatsa mendulo yaulemu cifukwa ca luso lawo. Caka comweco nyumba yawo inakuzidwa, ndipo anakhala ndi cipinda cabwino cojambuliramo.

Ojambula a ku Skagen anafuna kuti zithunzi zina zitsale pamudzipo. Conco m'caka ca 1908 anayambitsa bungwe losunga zithunzi. Bambo Michael ndi alongo awo a mayi Anna, a Degn Brøndum, anali m'gulu la oyambitsa. Nyumba yosungiramo zithunzizo inatsegulidwa m'caka ca 1928. Cithunzi ca Helga m'cipinda cabuluu cili m'menemo.

Bambo Michael anamwalira m'caka ca 1927. Mayi Anna anamwalira pa 15 Abril 1935, ali ndi zaka 75. Anamwalirira ku Skagen, pamudzi pamene anabadwira, ndipo anaikidwa komweko.

Helga naye anakula n'kukhala wojambula. Anasunga nyumba ya makolo ake monga mmene inalili. Iye anamwalira m'caka ca 1964, ndipo m'caka ca 1967 nyumbayo inatsegulidwa kuti anthu azikaiona. M'caka ca 1998 dziko la Denmark linaika nkhope za mayi Anna ndi bambo Michael pa ndalama yapepala ya 1000 kroner. Mtsikana uja amene sukulu yaikulu sikanamulandira, nkhope yake inayenda m'manja mwa anthu a dziko lonse.

9. Nanga kwathu kuno?

Kujambula sikunayambire ku Ulaya kokha. Kwathu kunonso kunali ojambula kuyambira kalekale. Tikaoloka malire kupita ku Dedza, m'dziko la Malawi, timapeza mapiri a Chongoni. M'mapanga a kumeneko muli zithunzi zakale pa miyala. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula. Zambiri zoyera zinajambulidwa ndi makolo athu Acewa, ndi dothi loyera. Zina anajambula ndi azimayi pophunzitsa atsikana pa cinamwali. M'caka ca 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa m'gulu la cuma ca anthu a dziko lonse lapansi.

Ngakhale lero, amayi akamazira nyumba amasankha dothi lofiira, loyera ndi lakuda. Ena amalemba mizere ndi maluwa pa khoma. Limeneli ndi luso.

Ndipo nchito zimene mayi Anna ankajambula zili pakhomo pathu pomwe. Amayi akusinja. Acemwali akupeta ufa. Agogo akusenda mbatatesi pafupi ndi moto. Abambo akusema mpini wa khasu. Mwana akuthamangitsa nkhuku pa mphasa ya ufa. Zonsezi zikhoza kujambulidwa.

Mayi Anna anafika patali cifukwa makolo awo anawalola kupita kusukulu, ndipo amuna awo sanawaletse nchito. Makolo inu, mwana wamkazi alinso ndi mutu ndi manja. Mutumizeni kusukulu pamodzi ndi mlongo wake. Akabwera ndi cojambula cake, cilandireni, mumufunse kuti wajambula ciani.

Mawu oti tiphunzire

utoto: madzi a mitundu opaka pa pepala, pa nsalu kapena pa khoma

msodzi: munthu wogwira nsomba

namondwe: mphepo yamkuntho ya panyanja

mendulo: kacitsulo kaulemu kopatsidwa kwa munthu amene wacita bwino

luso: kudziwa kucita cinthu bwino kwambiri

Mafunso

1. Kodi mayi Anna Ancher anabadwira m'dziko liti?
2. Anthu a ku Skagen ankagwira nchito yanji?
3. N'cifukwa ciani Anna sanalowe sukulu yaikulu ya ku Copenhagen?
4. Mtsikana wa m'khichini wavala siketi ya mtundu wanji?
5. Helga akucita ciani m'cipinda ca agogo ake?
6. Ndani anathandiza mayi Anna kuti asasiye kujambula?
7. Chulani nchito zitatu zimene zimacitika pakhomo panu m'mawa.

Nchito ya kunyumba

Khalani cete pakhomo, muyang'ane munthu mmodzi amene ali pa nchito. Musamuuze kuti aime. Onani mmene wakhalira. Onani zimene manja ake akucita. Onani mbali imene dzuwa likucokera.

Tsopano mujambuleni. Ngati mulibe pensulo, tengani khala. Ngati mulibe pepala, jambulani pansi ndi kamtengo. Pamene pali mthunzi, detsanipo. Pamene pagwa dzuwa, pasiyeni poyera.

Pansi pa cithunzi lembani dzina lanu. Mukatha, kaonetseni munthu amene mwamujambulayo, ndipo mawa mukafotokozere anzanu m'kalasi.